Chigamba Chakuda Pamsana

Majezi anayamba kufika Lolemba m'mawa, achemwali asanatulutse n'komwe makina pakhonde. Woyamba anabwera ndi yake ataikulunga m'nyuzipepala ngati nyama yogula mobisa. Wachiwiri anangoiponya pabenchi osapereka moni. Dzuwa lisanafike pamutu, mulu unali utafika m'mawondo: majezi makumi atatu ndi anayi, onse obiriwira, onse a nambala naini, ndipo pamsana pa iliyonse panali dzina limodzi la zilembo zoyera. SINGANO.

Singano ndi mwana wa achemwali, ine ndine malume ake. Dzinali anamupatsa ndi masapota, poti mayi ake ndi telala, komanso poti amalowa pamene ena onse akuona kuti palibe mpata. Wamwetsa zigoli ku timu yathu zaka zisanu ndi ziwiri. Lamlungu masana wailesi inalengeza kuti wasaina ku timu ya kutsidya kwa njanji, adani athu achibadwire, anthu amene malemu bambo ankati ukawapeza akumira uwaponyere chingwe, koma chovunda.

Za lamulo ndinazipeza nditabwerako. Pamene ndinkachoka kuno kupita kutali, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, kunalibe zolemba mayina pamsana. Munthu ankapita kubwalo ndi malaya amene wadzuka nawo, n'kubwerako mawu atasasa, basi. Zosoka mayina anayambitsa ndi achemwali: amadula zilembo pansalu yoyera, n'kuzisokerera chimodzichimodzi. Ndipo chaka chimene kaputeni wina anadutsa njanji, ndi iwo omwe anaimirira pamsonkhano wa masapota n'kunena kuti wodutsa njanji dzina lake lisatsale pamsana pa munthu. Zilembo zichoke ndi lezala, pamalopo pasokedwe chigamba chakuda. Osewera khumi ndi mmodzi anadutsa pa lezala limeneli, timu yathunthu, ndipo achemwali sanamvere chisoni ndi mmodzi yemwe. Wina mayi ake anabwera kudzagwada pakhonde pomwepa. Anapatsidwa mpando ndi madzi akumwa, lezala osaima.

Ndiye Lolemba limenelo anthu sanabwere kudzasoketsa. Anabwera kudzaona khoswe atakhala pamkhate.

A Tcheya, wapampando wa masapota, anafika pomaliza. Ntchito yawo ndi yomata matayala, manja akuda bii, koma jezi yawo amaigwira ndi nsonga za zala ngati satifiketi ya ukwati. Anaiika pamwamba pa muluwo, yopindidwa bwino.

"Amayi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, kaya inu a Tcheya."

"Ife tadzuka ndi mutu. Mwamva?"

"Wailesi ndili nayo."

"Ndiye komiti yakhala pansi. Loweruka tili ndi masewero. Majeziwa akhale atakonzedwa monga mwa lamulo, ndi dzanja lomwelo limene linakonza enawo. Zikavuta sitikukakamizani, mwana ndi mwana. Koma mbendera mubweze, anyamule ena."

Mbendera imeneyi ndi yaikulu ngati tenti. Anaisoka okha achemwali, ndipo akhala akuitsogolera kubwalo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mvula kaya dzuwa, ngakhale sabata imene anaika alamu, amuna awo, m'manda, ndimangomva. Mukawalanda mbendera mwawalanda Loweruka, ndipo munthu uyu masiku enawo amangowapirira podikira Loweruka.

"Bwerani Lachisanu," anatero, akulowetsa ulusi pasingano osaphonya.

Khonde lathu timagawana ndi Wometa. Chitseko chake chili mapazi asanu kuchokera pamakina, ndipo m'kati mwake muli kanema amene sazima, woonetsa mpira wa kunja kuyambira m'mawa. Anatuluka ndi chipeso m'manja, atasiya munthu mutu uli mbali imodzi.

"Ine ndinaona kale. Mwana uja anabwera chaka chatha kuti ndimumete ngati uja wa kunja, wa mzere pambali apa. Ndinadziwiratu kuti mtima wachoka."

"Ndiye munamukana?" anafunsa wina.

"Ntchito ndi ntchito, achimwene."

"Akanapita kunja bola," anatero wachitatu, dalaivala wa lole. "Tikanamuperekeza ku eyapoti ndi ng'oma. Koma kudutsa njanji? Ndiye kuti mkazi wakuthawa n'kukakwatiwa nyumba yoyang'anana nayo, m'mawa uliwonse uzimuona akusesa."

"Kunja akanakatani? Mwendo wamanzere alibe uja, ndi wokwerera basi chabe."

"Iwe, chigoli cha mu fainolo chija anamenya ndi mwendo wa agogo ako?"

"Unamugunda! Mpira unamugunda!"

Ndinawamvetsera ndi mkwiyo umene ndakhala nawo chibwerereni. Awa ndi anthu odziwa tsiku limene bondo la wosewera wa kutsidya kwa nyanja linatupa, dzina la mkazi wake, ndi mtundu wa galu wake, koma afunseni goloboyi wachiwiri wa timu yawo, ayamba kukanda m'mutu. Ndinasiya bwalo limene anthu ankakwera m'mitengo kuti aone kona. Ndinapeza mitengo itadulidwa, makoma atapakidwa zotsatsa malonda, ndi theka la anthu mitu ili pansi, kuonera pafoni masewero a dziko lina mpira ukudutsa pamphuno pawo.

"Timu yathu inatsika ligi," ndinalowerera. "Kochi wa timu ya dziko sapita kukaonera ligi yapansi, nonse mukudziwa. Mpikisano wa mayiko watsala miyezi inayi, mwanayu ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Mumafuna adikire mpaka liti? Mpaka imvi?"

Wometa anandiloza ndi chipeso.

"A Mtchona, pepani. Inu mwabwera dzana. Inunso munadutsa njanji yanu, zaka zingati zija? Nkhani ikakhala ya mabuku tidzakufunsani. Koma ya kukhulupirika, mungokhala chete."

Khonde lonse linaseka. Ndinayang'ana achemwali kuti mwina andiikira kumbuyo. Anali akutsegula paketi ya malezala.

Ntchito yochotsa dzina si yong'amba. Amatembenuza jezi, n'kudula ulusi wam'kati umodziumodzi, lezala litagona, kuti nsalu isabooke. Kenako amaitembenuzanso, n'kusolola timaulusi ndi zikhadabo, chilembo n'kugwa chokha m'dzanja. Zilembo zisanu ndi ziwiri pa jezi iliyonse, majezi makumi atatu ndi anayi. Anakana ntchito zina zonse. Mayi wina wa diresi la ukwati anabwezedwa. Zilembozo ankaziponya m'chitini cha mabisiketi, momwe muli zilembo za onse amene anachoka, ndipo jezi ikatha ankaipinda msana m'kati n'kuilowetsa m'thumba, osaonetsa munthu.

Lachiwiri masana, tikudya m'chipinda chochezera, ndinalephera kupirira.

"Achemwali, siyani zimenezi. Mbendera ndi nsalu chabe. Uyu ndi mwana wanu."

"Ndinabereka ndine, sukundiuza zachilendo."

"Ndiye mukumudula bwanji ngati wakuba?"

"Lamulo ndinaika ndine. Ana a eni ndinawadula ndikuimba nyimbo. Lero lafika pakhomo panga ndiyambe kutsokomola? Anthu adzati chiyani, lezala la mayi uja limadziwa abale?"

"Anthu! Anthu ake ati, Wometa?"

"Ine ndemwe. Ndidzati chiyani ine ndemwe?" Anatafuna pang'ono. "Ndipo usamayese kuti anandithawa. Suti imene anavala posaina ija ukuganiza anasoka ndani?"

Ndinasiya supuni.

"Anabwera pano miyezi iwiri yapitayo, akuti amayi, akundifuna kutsidya koma sindingathe, mungafe ndi manyazi. Ndinati manyazi sanaphepo telala. Ndinakuyamwitsa kuti udzavale jezi ya dziko, osati kuti udzakalambire m'matope a ligi yapansi pofuna kusangalatsa a Tcheya. Pita. Koma dziwa kuti ndidzakuchotsa pamsana pa anthu ndi dzanja langa, ndipo tsiku limene mudzakumane ndi timu yathu ndidzakukuwiza kuposa onse."

"Bwanji osawauza anthuwa?"

"Kuti andimvere chisoni? Idya, iwe."

Lachitatu foni inalira ali pakati pa ntchito. Anaipanikiza ndi phewa, manja osaleka. Mawu a Singano ankamveka pang'ono, ngati njuchi m'botolo.

"Ee, ndili pantchito... Yako yomwe. Ndafika jezi ya twente... Ayi, usabwere, angakugende... Usandililire ine, lira mwendo wako wamanzerewo, anthu akuti ndi wokwerera basi... Tamvera. Ndikangomva kuti akukukhazika pabenchi kumeneko, ndidzabwera ndi lezala lomweli kudzakuchotsa ndi pachitupa chobadwira chomwe. Wadya?"

Anaika foni pansi. Kenako anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa jezi, n'kupitiriza.

Lachinayi anadula zigamba. Makumi atatu ndi zinayi, zakuda, zofanana ngati njerwa, n'kuzisanja pambali pa makina. Koma dzuwa linapendeka osasokapo ngakhale chimodzi. Atalowa m'nyumba kukamwa madzi, ndinasolola jezi imodzi m'thumba muja n'kuitambasula.

Ndinaipindanso msanga, n'kulowa m'chipinda chochezera. Pakhoma la kumeneko, pakati pa chithunzi cha malemu bambo ndi cha Singano atanyamula chikho, pali malo opanda kanthu. Panali chithunzi changa. Achemwali anachitsitsa chaka chimene mayi anamwalira ine osabwera, ndipo chibwerereni palibe anaitchulapo nkhaniyo. Ndakhala ndikudutsa pamenepo miyezi isanu ndi itatu maso ali kumbali. Tsiku limenelo ndinayang'ana. Khoma lonse penti inatuwa, koma pamene panali chithunzicho panatsala kabokosi ka penti yowala, ngodya zonse zinayi zili chilili. Anapentanso khitchini, anapentanso khonde. Khoma ilo sanalikhudze.

Lachisanu anthu anafika mochuluka kuposa eni majezi. Ena anangobwera kudzaona ngati mayiyo alire. Achemwali anamanga chingwe kuchokera pamzati wathu kukafika pamzati wa Wometa, china pansi pake, n'kuyamba kuyanika majezi, misana kuloza kumsewu. Anayanika mosafulumira, mapegi ali kukamwa.

Phokoso linayamba kuzima jezi yachisanu isanakwere.

Zilembo zoyera zinalibepo, ngakhale kaulusi kamodzi. Koma majeziwo anali atasuluka ndi dzuwa la zaka, obiriwira ofooka ngati tsamba la kabichi, ndipo pamene panali zilembo nsalu inali ikadali yatsopano. Dzina linali pomwepo, lobiriwira kwambiri, lowerengeka uli tsidya lina la msewu. SINGANO. SINGANO. SINGANO.

"Amayi," anatero a Tcheya, "izi ndiye ziti?"

"Zimene munandituma. Zilembo zanu izi." Anagwedeza chitini cha mabisiketi. "Werengani ngati mukufuna."

"Koma dzina likuoneka!"

"Chimene ndinasoka ine ndachotsa. Icho sindinasoke ine."

"Ndi matsenga a utelala amenewa," anakuwa dalaivala wa lole. "Mwapakapo mankhwala!"

"Mankhwala ake ndi inuyo, achimwene. Ndi Loweruka lililonse limene munakhala padzuwa mukumuimbira mwanayo mpaka mawu kutha. Dzuwa linadya jezi yonse, linalephera pamene panali iyeyo. Ine lezala langa limadula ulusi. Zaka silidula."

A Tcheya anayandikira chingwe, manja kumbuyo.

"Nanga khumi ndi mmodzi aja?"

"Onse ali pansi pa zigamba zanu, mpaka lero. Mumayesa chigamba chinali cha chiyani? Chokongoletsa?"

Panali chete wa anthu amene akumbukira zimene zili m'masutikesi awo.

"Ndiye ife tizivala dzina la wogulitsa timu?" anafunsa wina kumbuyo.

"Ayi. Zigamba izi, makina awa, ulusi ndaika kale wakuda. Amene akufuna abwere ndi jezi yake, ndisoka pompano, mwana wanga kapena ayi. Sindinakanepo ntchito ya timu. Koma aliyense anene ndi pakamwa pake. Komiti ilibe msana, msana ndi wa munthu."

Anakhala pamakina, phazi pachopondera, n'kudikira. Dzanja linali pa gudumu.

Palibe anasuntha. Kenako dalaivala wa lole, amene anali kufunafuna jezi yake pachingwe, anaima n'kupendeketsa mutu.

"Koma abale, bwanji ina ikuwala kuposa inzake?"

Zinalidi choncho. Pa majezi ena dzina linkachita kukuwa. Pa ena linkangonong'ona. Anthu anathamangira kuchingwe, aliyense kutsitsa yake n'kuiyerekeza ndi ya mnzake, ndipo sipanatenge nthawi kuti azindikire chimene akuyeza.

"Taona yanga! Ine sindijomba, ine!"

"Yako ikuposa yanga chifukwa mkazi wako amaiyanika sabata yathunthu."

"Bodza! Ndinapita ndi ku masewero a kutali aja, tinagona ndi njala panjira!"

"Iyi ndi ya ndani? Eee, iyi ndi ya ndani, abale?"

Imene ankainyamula m'mwambayo inali yobiriwira bwino, ngati yochokera m'sitolo dzulo. Pamsana pake, ukapanda kuipendeketsa padzuwa, sukanaona kanthu. Wometa anayesa kubwerera m'kati mwakachetechete, koma anamugwira lamba.

"Ndi yanu, akatswiri! Zaka seveni, dzuwa silikukudziwani!"

"Ine ndimasamala zovala," anatero Wometa. "Ndimachapa ndi sopo wabwino."

"Mumachapa ndi kanema!"

"Loweruka ndi tsiku la makasitomala, inu simudziwa bizinesi!"

"Ndiye munkaweruza mwendo wamanzere mutauonera kuti?"

Wometa anailanda jeziyo n'kuiponya pamakina.

"Amayi, ikanipo chigamba. Ine za ogulitsa timu sindifuna."

"Chabwino," anatero achemwali. Makina analira, ndipo chigamba chinakhala bwino, chowongoka, monga mwa ntchito yawo. Atatu ena anatsatira, akuyankhula mokweza za mwambo ndi chilango. Ndinayang'ana majezi awo. Onse atatu anali obiriwira ngati a Wometa.

Panatsala a Tcheya. Yawo inali itasuluka mpaka kuyandikira kuyera, kolala itatha, ndipo dzina pamsana pake linali lakuda ngati lolembedwa ndi inki. Anthu anasiya phokoso. A Tcheya akanati chigamba, theka la khondelo likanafola pambuyo pawo. Akanati mayiyu wazemba lamulo, mbendera ikanatuluka m'nyumba tsiku lomwelo.

Anaitembenuza uku ndi uku ndi nsonga za zala.

"Chaka chimene tinatenga chikho," anatero, osayang'ana munthu, "ndinali nditangotuluka m'chipatala. Adokotala anati osakhala padzuwa. Ndinakhala. Mwana uja atagoletsa anathamangira kumene ndinali ine, akuti a Tcheya musafe lero, dikirani tinyamule kaye." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Galu ameneyu."

"Ndisoke?" anafunsa achemwali.

"Tsiku lokumana nawo ndidzamutukwana, amayi. Musadzandiletse."

"Mudzayambira pamene ndalekezera ine."

"Nanga akamutenga ku timu ya dziko?"

"Tidzaonera mwa Wometa. Kanemayo agwireko ntchito ya phindu."

A Tcheya anaipinda jeziyo, msana kunja.

"Zilembo zachoka, tonse taona. Mbendera mawa wani koloko. Musachedwe ngati sabata yatha."

"Sabata yatha munachedwa ndinu."

Zigamba makumi atatu zinatsala pambali pa makina. Achemwali anazimanga ndi kansalu n'kuziika m'dirowa. Ndinawafunsa ngati ankadziwa kuti zitha choncho. Anati ankadziwa za nsalu, za anthu ayi, ndipo akanafola onse makumi atatu ndi anayi akanasoka onse, kenako n'kukalira kubafa.

Loweruka, itatsala pang'ono wani koloko, anatulutsa mbendera ndi mitengo yake iwiri. Wonyamula mtengo wachiwiri anali atadwala. Ndinaimirira pakhomo, ndikudziyesa wotanganidwa ndi nyuzipepala.

"Iwe, ukuwerenga chiyani chimene sunawerenge zaka zonse zija? Gwira uku."

Anandiponyera jezi. Inali yatsopano, yobiriwira mpaka kuwawa m'maso, yonunkha m'sitolo. Ndinaitembenuza. Pamsana panalibe nambala, panalibe dzina.

"Ilibe kanthu, achemwali."

"Ukufuna ikhale ndi chiyani, wabwera dzana? Vala. Ukakhale padzuwa kaye zaka zingapo, tidzaone chimene chidzatuluke."

Ndinavala. Mtengo wa mbendera unali wolemera kuposa mmene umaonekera, ndipo achemwali sayenda pang'onopang'ono.